Seva Ikakana Kudzukira pa Netiweki: Kufufuza Vuto la PXE ndi Masetingi a BIOS Akutali

Mwakonza zonse. Fayilo ya kickstart kapena ya autoinstall, yokhala ndi malangizo oikira operating system pa seva, ili pamalo pake, DHCP yogawa maadiresi pa netiweki ikugwira ntchito, mwatumiza lamulo ku BMC, kakompyuta ka mkati mwa seva koilamulira patali, kuti seva idzukire pa netiweki, njira imene imatchedwa PXE. Mukutsegula console, mukupeza sikirini yakuda yalemba PXE-E51 kapena PXE-E18. Kapenanso seva yangodutsa n'kukadzukira pa disiki yake yakale ngati simunaiuze kalikonse. Aliyense amene amasamala maseva kuno ku Harare, kaya m'kachipinda kozizira ka kampani ya ku Msasa kapena ku Graniteside, kaya mu ofesi ya m'tauni, vutoli analionapo ndipo adzalionanso.

Achinyamata athu amene alowa ntchito imeneyi, ana a mabanja ochokera ku Malawi a ku Mbare, Highfield ndi Dzivarasekwa, amandifunsa za vutoli kawirikawiri. Ambiri pofika kwa ine amakhala atalowa kale mu BIOS, momwe muli masetingi a firmware yodzutsa seva, n'kusintha izi ndi izo. Chonde abale anga, BIOS muisiye kaye. Kudzukira pa netiweki kuli ndi masitepe otsatizana, ndipo seva ikalephera imakhala yaima pa sitepe imodzi yodziwika. Khadi la netiweki limalumikizana ndi swichi, kenako limapempha adiresi kwa DHCP. Yankho la DHCP limabwera ndi dzina la fayilo yodzutsira ndiponso kumene ili. Fayiloyo imakokedwa ndi TFTP, njira yosavuta yotumizira mafayilo, kenako fayiloyo n'kukoka kernel ndi initrd (mtima wa Linux ndi mafayilo ake oyambira), installer n'kuyamba. Ntchito yanu yoyamba ndi kupeza pamene yaimira. Mukayamba kusintha masetingi musanadziwe zimenezo, mawa simudzasiyanitsa chimene chinakonza vuto ndi chimene chinabweretsa lina.

Onani kaye zimene zikudutsa pa chingwe

Pa kompyuta imene ikuyendetsa DHCP ndi TFTP, lembani lamulo ili seva yovutayo isanayake, poika dzina la khadi lanu m'malo mwa eth0:

tcpdump -i eth0 -n -vv port 67 or port 68 or port 69 or port 4011

DHCP imayenda pa UDP 67 ndi 68, TFTP imayambira pa 69, ndipo 4011 ndi ya proxyDHCP, DHCP yongopereka dzina la fayilo osagawa maadiresi. Tsopano yatsani seva ija n'kudikira. Mwina pakhala zii. Mwina muona Discover (pempho la seva) ndi Offer (yankho la DHCP) koma seva osavomera. Mwina adiresi itengedwa bwinobwino, vuto n'kuonekera popempha fayilo. Chilichonse mwa izi chikukulozerani malo ake.

Pakakhala zii

Ngati palibe Discover ngakhale imodzi imene yafika, vuto lili panjira. PXE-E61 ndi yosavuta: khadi silikuona chingwe n'komwe. Koma musafulumire kutaya chingwecho. Maseva ambiri ali ndi ma port anayi kapena kuposa, ndipo firmware imayesa PXE pa amene anasankhidwa okha, kawirikawiri yoyamba ya pa motherboard. Inu chingwe mwachilowetsa pa khadi la 10G, seva ikuitanira pa port ya 1G yopanda kanthu. Yerekezani MAC address, nambala yodziwitsira khadi, imene yalembedwa pa console ndi imene swichi ikuona pa port yake.

Zikagwirizana, pitani pa swichi. Apa ndi pamene pamabisala mavuto ambiri. Spanning Tree yakale, njira ya swichi yopewera kuti mapaketi asamangozungulira, imagwira port masekondi 15 ikumvetsera ndi ena 15 ikuphunzira, onse pamodzi 30, isanalole kanthu kudutsa. Nthawi imeneyo seva ikupempha adiresi koma palibe akuimva. Chizindikiro chake n'chakuti lero zatheka, mawa zakanika. Chizindikiro china chimene ambiri sachizindikira: sitepe yoyamba imadutsa, koma iPXE (pulogalamu yodzutsira imene imakokedwa pa netiweki) kapena kernel ikangotenga khadi, zonse zimaima. Chimachitika n'chakuti driver yatsopano imazimitsa link n'kuiyatsanso, swichi n'kuyambiranso kuwerenga masekondi ake 30. Pa Cisco mankhwala ake ndi spanning-tree portfast, pa maswichi ena amati edge port. Muike pa ma port opita ku maseva okha, osati pa chingwe cholumikiza maswichi awiri.

Chachiwiri ndi LACP, njira yomangira zingwe ziwiri kuti zigwire ntchito ngati chimodzi. Seva imene kale inali ndi bond ya zingwe ziwiri, swichi imayembekezabe kulankhula nayo LACP, pamene firmware ya PXE LACP saidziwa. Swichi imangotseka ma port onse awiri. Ichi n'chifukwa chake seva yatsopano imalowa bwino koma ikafunika kuikidwanso kachiwiri imakana. Pa Arista pali lacp fallback, pa Cisco Nexus pali no lacp suspend-individual, ndipo maswichi ena ali ndi zofanana nazo. Cholinga n'chimodzi: port igwire yokha ngati LACP sinamveke.

Za VLAN, kugawa swichi imodzi kukhala manetiweki angapo, ndidutsapo mwachangu. PXE kawirikawiri imatumiza mapaketi opanda tag, ndiye netiweki yoikira maseva ikhale native VLAN pa port imeneyo. Ngati DHCP ili ku subnet ina, pafunika relay, imene pa Cisco ndi ip helper-address, ndipo ngati seva ya PXE ndi yosiyana ndi ya DHCP, onse awiri alembedwe. DHCP snooping ikakhala yoyatsidwa, port yopita ku DHCP yanu ikhale trusted, apo ayi Offer imatayidwa mwakachetechete. Pamenepo pa tcpdump mukhoza kuona Discover ikufika, Offer ikutuluka, Discover ikufikanso, osatha.

Magetsi akabwera

Ili ndi vuto lathu lenileni kuno, ndipo mabuku a opanga maseva salikamba kwambiri. Magetsi athima nthawi yaitali, mabatire atha, jenereta yachedwa kulira. Pobwera magetsi, zonse zimayaka nthawi imodzi. Tsopano dzifunseni: DHCP ndi TFTP yanu ili kuti? M'malo ambiri amene ndaona, ili mu VM, kompyuta yapulogalamu chabe, yomwe ikukhala pa imodzi mwa maseva omwewo amene akudzuka. Seva yofuna PXE imafika msanga, imapempha, palibe woyankha, n'kupita ku chotsatira pa boot order kapena kungoima ndi uthenga wakuti palibe chodzukirapo. Zili ngati mwana amene wafika pasukulu geti lisanatsegulidwe n'kubwerera kunyumba. Inu pofika mukupeza DHCP ikugwira bwinobwino, ndiye mutu umaima.

Maganizo anga ndi akuti DHCP ndi TFTP zichotsedwe pa maseva akuluakulu. Kakompyuta kakang'ono kosadya magetsi ambiri n'kokwanira, ndipo kaikidwe pa UPS imodzi ndi swichi ya management. Kenako chedwetsani maseva. Ambiri ali ndi setingi yochedwetsa kuyaka magetsi akabwera; pa Dell imatchedwa AC Power Recovery Delay. Chimene seva ichite magetsi akabwera mungachisinthe patali ndi ipmitool chassis policy, posankha always-on, previous kapena always-off. Ngati mumamanga iPXE yanu, ikanimo script yosatopa:

#!ipxe
:yesanso
dhcp || goto yesanso
chain http://10.0.10.5/boot.ipxe

Magetsi ophethiraphethira amasokonezanso BMC yeniyeniyo. Ping ikuyankha koma tsamba lake silitseguka, kapena malamulo akulowa koma palibe chikuchitika. Lamulo la ipmitool mc reset cold limaiyambitsanso popanda kuzimitsa seva. Ipatseni mphindi zingapo musanaitumizire kanthu kena.

Adiresi yabwera, fayilo ayi

PXE-E53 ikutanthauza kuti DHCP yayankha koma sinatchule fayilo. Musanatsegule config yanu, onani pa tcpdump kuti Offer yachokera kwa ndani. M'maofesi ang'onoang'ono pamakhala rauta ya intaneti imene nayonso ikugawa maadiresi, ndipo iyo za PXE sizidziwa. Mukapeza ma Offer awiri ochokera kosiyana, mwina muzimitse DHCP ya pa rauta, mwina muisiye igawe maadiresi ndipo dnsmasq yanu, pulogalamu yoyendetsa DHCP ndi TFTP, ikhale proxyDHCP yongopereka dzina la fayilo.

Vuto lofala kuposa onse pa sitepe iyi ndi kupereka fayilo ya BIOS yakale kwa seva imene ili pa UEFI, firmware yamakono. pxelinux.0 ndi undionly.kpxe ndi za legacy BIOS. UEFI imafuna fayilo yothera ndi .efi. Seva imadziulula yokha mu option 93 ya DHCP: 0 ndi BIOS yakale, 7 kapena 9 ndi UEFI ya x86-64, 11 ndi UEFI ya ARM64, ndipo 16 ndi UEFI yofuna kudzukira pa HTTP. Izi n'zofunika kwambiri kwa ife chifukwa maseva ambiri amene timagwira ndi ogula kwa ena, ndipo mu rack imodzi mumapezeka ena ali pa legacy, ena pa UEFI, malinga ndi mmene eni ake akale anawasiyira. DHCP yanu izisankha yokha. Pa dnsmasq zimaoneka chonchi:

dhcp-match=set:efi64,option:client-arch,7
dhcp-match=set:efi64,option:client-arch,9
dhcp-userclass=set:ipxe,iPXE
dhcp-boot=tag:!ipxe,tag:efi64,ipxe.efi
dhcp-boot=tag:!ipxe,tag:!efi64,undionly.kpxe
dhcp-boot=tag:ipxe,http://10.0.10.5/boot.ipxe

Mzere wachitatu, pamodzi ndi mzere womaliza, ukuthetsa vuto lina lodziwika. iPXE ikadzuka imapemphanso DHCP. Ikapatsidwanso ipxe.efi, imadzikoka yokha n'kudzukanso, n'kupemphanso, mpaka kalekale. Ngati console yanu ikuonetsa iPXE ikuyamba mobwerezabwereza, ndi zimenezi. iPXE imadzitchula dzina mu option 77, ndiye pamenepo ndi pomwe mumaisiyanitsira ndi firmware.

Tsopano TFTP. PXE-E32 ndi pempho limene silinayankhidwe. Onani ngati next-server ikuloza adiresi yolondola, kenako firewall. TFTP imalandira pempho pa port 69 koma imayankhira pa port ina, ndiye firewall kapena NAT yapakati imene sikuzindikira zimenezi imataya yankho. Pa Linux chothandiza ndi nf_conntrack_tftp. Uthenga wa File not found, kapena PXE-E23 pa UEFI, umafuna kuti muone zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'dzina la fayilo, njira yake kuyambira pa foda ya TFTP, ndi zilolezo zowerengera, kuphatikizapo SELinux ngati muli pa banja la Red Hat. Chinthu chimodzi chisakuopseni: mu log mumaoneka seva yapempha fayilo, yasiya, yapemphanso. Firmware zambiri zimafunsa kaye kukula kwa fayilo kenako n'kuikoka. Si vuto.

TFTP muigwiritse ntchito pa kafayilo koyamba kokha. Mwachibadwa imatumiza mabayiti 512 pakamodzi n'kudikira kuvomera, ndiye initrd yaikulu imatenga nthawi ndipo paketi imodzi ikasowa zonse zimachedwa. Kernel ndi initrd zidutse pa HTTP.

Fayilo ikakokedwa yonse koma seva n'kulemba za security violation, kapena n'kungobwerera ku menyu osanena kanthu, ndi Secure Boot, chitetezo cha UEFI chokana mafayilo opanda siginecha yodalirika. ipxe.efi imene mwamanga nokha ilibe siginecha imene firmware imaikhulupirira. Njira yoyera ndi kupereka shimx64.efi ya distribution yanu, iyo n'kukoka grubx64.efi kuchokera malo omwewo. Kuzimitsa Secure Boot kumathandiza potsimikiza kuti vuto ndi limeneli, koma si chinthu choti muzimitse n'kuiwala pa seva yosunga zinthu za anthu.

Mwaiuza patali koma sinamve

Apa ndiye tafika pa firmware. Dell ali ndi iDRAC, HPE ali ndi iLO, Lenovo ali ndi XClarity Controller, ndipo onsewa ndi BMC, kakompyuta kamene kamakhala maso bola chingwe cha magetsi chili cholowetsa. Timalankhula nako m'njira ziwiri: IPMI pa UDP 623, kapena Redfish, imene bungwe la DMTF linatulutsa mu 2015 ndipo imayenda pa HTTPS ndi JSON.

Pa IPMI pali misampha iwiri. Mukalemba chassis bootdev pxe basi, maseva ena amamva kuti mukufuna legacy. Seva ya UEFI imafuna:

ipmitool -I lanplus -H 10.0.20.11 -U admin -E chassis bootdev pxe options=efiboot

Msampha wachiwiri ndi nthawi. Malamulo a IPMI amalola BMC kufufuta pempholi ngati padutsa masekondi 60 lamulo loyatsa kapena loyambitsanso lisanabwere. Script yanu ikaika bootdev, kenako n'kupita kukachita zina, kenako n'kubwera kudzayatsa, imapeza pempho lafufutika. Malamulo awiriwa atsatizane. Ndaika -E kuti pasiwedi ichokere mu IPMI_PASSWORD, isaoneke pa mzere wa lamulo.

Pa Redfish mumatumiza PATCH ku /redfish/v1/Systems/ ndi dzina la seva, limene pa HPE ndi 1 ndipo pa Dell ndi System.Embedded.1. Script yabwino isalembe dzinali pamtima. Ifunse kaye /redfish/v1/Systems n'kutenga limene yapeza. Uthenga wake ndi uwu:

{"Boot": {"BootSourceOverrideTarget": "Pxe", "BootSourceOverrideEnabled": "Once", "BootSourceOverrideMode": "UEFI"}}

Kenako POST ku Actions/ComputerSystem.Reset. Onani kaye PowerState, chifukwa ForceRestart pa seva yozima imakanidwa ndi ma BMC ambiri. Yozima imafuna On.

Masetingi a BIOS ndi amene amapusitsa anthu kwambiri, ndipo ndikufuna mumvetse bwino apa. BMC ikayankha kuti yalandira, sikuti BIOS yasintha. Pali malo awiri. /Bios ikuonetsa zimene zikugwira ntchito panopa. /Bios/Settings ndi pamene mumalemba zimene mukufuna, ndipo zimangodikira pamenepo mpaka seva iyambitsidwenso, BIOS n'kuzitenga. Pa Dell pafunikanso job: muike @Redfish.SettingsApplyTime yokhala ndi ApplyTime ya OnReset mu PATCH yomweyo, kapena mupange job padera. Popanda zimenezo mukhoza kuyambitsanso seva kangapo osaona kusintha. Ndipo job yakale imene inakakamira, mwina chifukwa magetsi anathima ili mkati, imatsekereza zatsopano. Lamulo la Dell la racadm jobqueue view likuonetsani ma job onse, ndipo racadm jobqueue delete -i JID_CLEARALL imachotsa zonse.

Potengera masetingi atsopano, seva imatha kudziyambitsanso yokha kamodzi kapena kuposa. Ngati munaika Once ya PXE pamodzi ndi kusintha kwa BIOS, Once ija ikhoza kuthera pa kuyambanso kumeneko, seva n'kukadzukira pa disiki. Choncho gawani ntchito pawiri. Tumizani masetingi, yambitsaninso, dikirani job ithe, werengani /Bios n'kuyerekeza ndi zimene munapempha. Zikafanana, pamenepo ndiye ikani Pxe n'kuyambitsanso. Script imene siwerenganso /Bios ine sindiikhulupirira, ngakhale itayenda bwino pa maseva khumi oyamba.

Mukalandira 412 kapena 428, BMC ikufuna ETag, chizindikiro chosonyeza kuti zimene mukusintha sizinasinthidwe ndi wina: chitani GET, tengani ETag, itumizeni mu If-Match. Mukalandira 400, kawirikawiri dzina la setingi ndi lolakwika, pakuti mayinawa amasiyana pakati pa makampani, ngakhalenso pakati pa mibadwo ya maseva a kampani imodzi. Koperani dzina kuchokera pa zimene /Bios ya seva yomweyo yaonetsa. Masetingi ena amadalirana: ena a UEFI salola kusinthidwa seva ikadali pa legacy, ndiye boot mode isinthe kaye payokha. Pa Dell ya UEFI, khadi loti lichite PXE limasankhidwa ndi PxeDev1EnDis ndi PxeDev1Interface, ndipo apa ndi pamene mumakonzera vuto lija la port yolakwika popanda kukwera kombi kupita kumene kuli seva. Ngati /redfish/v1 palibiretu, kawirikawiri firmware ya BMC ndi yakale. Ikwezeni kaye, ndipo muchite zimenezi seva ili pa UPS yodzaza, chifukwa magetsi kuthima pakati pa ntchito imeneyi kukhoza kupha BMC.

Zinagwira sabata yatha, lero zasintha zokha

Seva yakale imene masetingi ake amabwerera pa default magetsi akathima nthawi yaitali, kapena imene wotchi yake imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, yang'anani kabatire ka CR2032 ka pa motherboard. M'mayiko amene magetsi sathima kabatireka kamapuma. Kuno kamagwira ntchito. Wotchi yolakwika imabweretsa vuto losokoneza: PXE ndi TFTP zimadutsa, koma chilichonse cha HTTPS chimakana chifukwa certificate ikuoneka ngati nthawi yake sinakwane. Lamulo la ipmitool sel time get likuonetsani nthawi ya BMC. Sinthani kabatire, lozani BMC ku NTP, seva yopereka nthawi yolondola, ya mkati mwa netiweki yanu, ndipo sungani masetingi a /Bios a seva iliyonse mu fayilo kuti muzitha kuyerekeza ndi kubwezeretsa.

Kernel yadzuka koma installer yasochera

Mukaona kernel ikulemba pa sikirini, PXE yamaliza ntchito yake. Musabwererenso ku BIOS. Installer imapemphanso adiresi payokha, ndipo pa seva ya makhadi ambiri ikhoza kusankha lina, eno1 m'malo mwa ens1f0. Ipatseni MAC ya khadi limene yadzukirapo kudzera mu BOOTIF pa mzere wa kernel. Installer ya Ubuntu Server ikamadzukira pa netiweki imakoka ISO yonse n'kuisunga mu RAM, ndiye pa makina a RAM yochepa imafera panjira. ISO ndi mapaketi zikhale pa mirror ya mkati. Kukoka mafayilo omwewo kuchokera kunja pa seva iliyonse n'kuwononga data, ndipo intaneti ikadukiza installer imaima pakati.

Chomaliza ndi choopsa kuposa zonsezi, chifukwa chimaononga zinthu za anthu. Seva yaikidwa bwino, yayamba ntchito, koma PXE yatsala pamwamba pa boot order, kapena override inaikidwa Continuous m'malo mwa Once. Magetsi athima, abwera, seva yadzukira pa netiweki, yapeza kickstart yomwe ija, n'kufufuta disiki yonse. Zida monga MAAS, Foreman ndi Cobbler zimasunga mbiri ya seva iliyonse ndipo zimaiuza kuti idzukire pa disiki ikatha kuikidwa. Ngati mwamanga zanu ndi dnsmasq ndi iPXE, chitetezo chimenechi muchiike nokha. boot.ipxe imene aliyense amalandira ingonena exit, kuti firmware ipitirire ku disiki. Script yoikira ikhale ya MAC imodzi imodzi, ipangidwe pokhapokha mwalamula kuti seva imeneyo iikidwe, ndipo installer ikamaliza, gawo la %post kapena late-commands liuze seva yoikira kuti ichotse fayiloyo. Musanapereke seva kwa eni ake, izimitseni, iyatseni chingwe cha netiweki chili cholowetsa, n'kuonerera pa console mpaka ifike pa login ya disiki yake.